Simbi Inali ya Malaya Okha

Mwana wanga woyamba anatuluka zithupsa nyengo ya mvula, tikukhala pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Amuna anga anali kalaliki kufakitale, munthu waukhondo wonyanyira. Malaya awo oyera ndinkawasita tsiku lililonse ndi simbi ya makala. Tsiku lina atandipeza ndikusita thewera anakwinya nkhope ngati aponda zoipa.

"Simbi yomweyo ikhudze za kumatako kwa mwana, kenako ikhudze kolala yanga? Ayi, mayi a mwana, tisamatero."

Ndinamvera, poti ndinali wachilendo m'banja. Matewera ndinkangochapa n'kuyanika pamwamba pa mitengo ya tiyi kuseri kwa nyumba, pamene pamadulidwa mosalala ngati tebulo. Dzuwa likakana kutuluka ndinkawanula akadali ndi chinyezi.

Zithupsazo zinamera pamsana ndi m'matako, zofiira, zolimba, chilichonse chili ndi kadontho pakati. Mwana ankalira ngati akubayidwa ndi singano, kuyamwa n'kusiya. Zinali zaka zija maliro ankangotsatizana, ndipo aliyense anali dokotala wa mnzake. Ukangotuluka kachilonda, anthu ankakuyeza ndi maso n'kukupeza ndi kachilombo pomwepo. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene tinkabwerekana beseni, anaona msana wa mwana ndikumusambitsa. Anangoitanitsa beseni lake n'kulikwecha ndi mchenga pampopi, ine ndikuona, mpaka manja kufiira. Ndinanyansidwa naye, koma mantha anandigwira koposa, chifukwa nanenso ndinayamba kukhulupirira kuti ndi kachilombo.

Amuna anga sanandifunse chilichonse. Anatenga pilo n'kusamukira pabalaza. Mwana anasiya kumunyamula, kuopa malaya. Tsiku lina akumanga nsapato anati, "Kwathu kulibe zoterezi. Muganize bwino kumene munazitenga. Mwezi ukatha mupite kwanu ku Thekerani mukapume kaye." Kupuma kwa mtundu umenewo ndinkakudziwa. Azakhali anga anapita kokapuma ine ndili wamng'ono, mpaka lero akupumabe.

Ndinabereka mwana kupita kuchipatala, mumtima nditalira kale maliro. Namwino anavula mwanayo, anayang'anitsitsa, n'kutenga vaselini. Anamata wochuluka pa chithupsa chilichonse nati tidikire. Ine ndinapsa mtima: mwana akufa, iwo akumudzoza mafuta ngati tikupita ku ukwati?

Posakhalitsa vaselini uja anayamba kugwedezeka. Kamutu koyera kanasuzumira, n'kubwerera, n'kusuzumiranso. Namwino anafinya m'mbali, ndipo panatuluka mphutsi yonenepa ngati mpunga wofufuma, ikudzipinda pathonje. Yamoyo, yokhuta mwana wanga. Malovu anadzaza m'kamwa, ndinathamangira panja kukasanza m'maluwa. Nditabwerera ndinapeza zina zitandandalikidwa pambali pa inzake.

"Ndiye si matenda aja?" ndinafunsa.

"Izi ndi mphutsi basi, mayi. Ngati muli ndi nkhawa ina, magazi amayezedwa, koma zithupsazi ndi ntchito ya ntchentche. Imaikira mazira pa nsalu yonyowa, makamaka ya fungo la mkodzo. Mukamuveka mwana, timphutsi timaboola khungu n'kumakulira momwemo. Vaseliniyu amatitsekera mpweya. Kodi matewera mumasita? Moto wa simbi ndi umene umapha mazirawo."

Ndinaseka kuseka koipa, misozi ikutsika. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzathokoza Mulungu chifukwa cha mphutsi. Ndinapempha kuti andiikire mphutsizo m'kabotolo, ndipo namwino anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anandipatsa.

Amuna anga ataweruka anapeza kabotoloko patebulo, pafupi ndi malaya awo a mawa.

"Chotsani zonyansazi."

"Zachokera mwa mwana wanu," ndinatero, ndipo ndinawafotokozera zonse, za ntchentche, za mazira, za simbi. Ndinkayembekeza kuti agwetsa nkhope, mwina anyamula mwanayo. Iwo anasuntha malaya kuti atalikirane ndi botolo, n'kunena kuti, "Nanga inu osasita bwanji? Mayi wanzeru sachita kuuzidwa."

Ndinakoleza makala, n'kusita matewera onse pamaso pawo, limodzi limodzi, mbali zonse ziwiri. Malaya awo ndinawabwereza pomaliza, simbi isanapukutidwe. Anawavala m'mawa mwake n'kupita kuntchito.

Mwana anachira msanga, panangotsala timabala tating'ono. Mayi wa beseni uja anabwera kudzaona botolo, akuti ankadziwa kale kuti si zoopsa. Za ku Thekerani sizinatchulidwenso, ndipo pilo uja anabwerera yekha kuchipinda. Mphutsi zinandinyansa tsiku limodzi lokha. Koma amuna anga atatambasula dzanja kuti andikhudze phewa, nseru ija ya kuchipatala inabweranso, ndipo ndinatembenukira kukhoma.