Kodi Khonde Ndi Nyumba?

Zaka zimene anthu othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza ku Chiponde, bungwe lina linandipatsa kontirakiti yomanga nyumba ya mphunzitsi. Nyumba yachiwiri anapatsa mmisiri wina wothawa kwawo ku Mandimba. Ndisabise, munthuyo ankandiwawitsa mtima. Khoma lake linkaima chilili, lopanda mimba, ndipo kapitawo wa bungwelo akabwera ankayambira kwa iye. Ine, mwana wa pompano, ankangondilambalala ngati chitsa.

Makoma atafika pamazenera, kapitawoyo anatiuza tonse awiri kuti tiwonjezere khonde la zipilala, ndalama zake zidzabwera padera. Ine ndinangoti inde bwana, n'kugulitsa mbuzi zitatu za mkazi wanga kuti ndigule simenti. Ndinamulonjeza kuti ndidzamubwezera zisanu. Mnzangayo anatulutsa kope lake lothimbirira kuti kapitawo alembemo mawuwo ndi kusaina. Ndinamuseka.

"Achimwene, kwathu pakamwa panatipweteka kale," anatero.

Tsiku la malipiro kalaliki wa bungwelo anandiitana ndekha, kontirakiti ili patebulo.

"Mnzanu uja akufuna ndalama zapadera za khonde. Apa palembedwa kuti nyumba yathunthu. Inu ndinu akuno, tatiuzani. Khonde lili momwemo, kapena ndi ntchito ina?"

Nsanje ndi matenda. Ndinaganiza kuti zanga tinamvana kale ndi kapitawo, koma mlendoyu asatilemerere pamaso.

"Bwana, kuno nyumba yopanda khonde ndi khola. Alendo angafikire pati? Khonde ndi nyumba ndithu."

Analemba mawu angawo, ine n'kusaina mtima uli mbee.

Kenako mnzangayo analowa. Anangotsegula kope lija, kalaliki n'kuona siginecha ya kapitawo, n'kumuwerengera zake zonse. Itafika nthawi yanga ndinatchula za khonde. Kapitawo anali atasamutsidwira ku Makanjira, ndipo ine ndinalibe ngakhale kapepala. Kalaliki anangotembenuza pepala lija kuti ndiwerenge ndekha zimene ndinasaina.

Madzulo ake mkazi wanga anafunsa za mbuzi. Ndinati zapita. Anafunsa kuti watidyera ndani. Ndinatchula munthu wa ku Mandimba uja, ndipo mpaka tsiku limene mayiyu anatisiya, sanamupatsenso moni munthu wosalakwayo.