Mpira Wachikopa wa a Custodio

A Custodio amamata matayala pamalire a Mwanza, kuseri kwa mzere wa mathiraki odikira kuwolokera ku Zobue. Ine ndimagulitsa manachesi pafupi ndi kashedi kawo, ndiye izi si zongomva ayi. Munthuyu anabwera kuno ali kamnyamata, kuthawa nkhondo ya kwawo ku Mozambique, atavala kabudula yekha. Chiyambire pamenepo, akapeza chinthu chabwino sachigwiritsa ntchito, amachisunga. Malaya atsopano amatha zaka ali m'pepala. Ine ndinkawaseka kuti adzawavalira m'bokosi.

Koma pa mpira Mulungu anawapatsa. Ntchito ikachepa masana, ana ankadzaza pabwalo la miyala kuseri kwa shediyo, iwo n'kumawaphunzitsa kudoda, kuti mpira uzivina paphazi osagwa pansi. Wongoyamba kumene ankamupatsa ndimu kuti aphunzire kufewetsa phazi. Kenako ankamupatsa chikulunga, mpira wa majumbo umene ankamanga okha ndi malegeni.

"Limbitsa kakolo! Zala m'mwamba!" ankakuwa choncho mpaka mawu kusasa. "Iwe, mwendo wamanzerewo ukusungira ndani?"

Mpira weniweni wachikopa analinso nawo. Anawapatsa ndi dalaivala wina wochokera ku Beira, uli woyera mbee, ndipo iwo anaupachika kudenga kwa shedi, pansi penipeni pa malata. Ana ankaupempha mpaka kulira. Yankho linali limodzi: "Umenewo ngwa tsiku lalikulu. Pamiyala pano ungathe msanga."

Mwa ana onsewo panalibe wofika pa Esime, mwana wa a Lucia, mayi wamasiye wogulitsa makala. Mtsikanayu ankadoda chikulunga kuchoka pashedi kukafika pamjigo n'kubwerako, phazi, bondo, mutu, osagwetsa. Madalaivala ankatsika m'mathiraki kudzaonerera. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza, koma mayi ake analibe mphamvu zomupititsira ku sekondale. Anagwirizana ndi wachibale wina ku Tete kuti Esime apite akhale wolera mwana.

A Custodio atamva, anasiya tayala lili yasa n'kuthamangira kwa a Lucia. Anawauza kuti Lachinayi kubwera anthu ochokera ku Blantyre kudzasankha atsikana a mpira pa Boma, ndipo wosankhidwa akaphunzira ulere, kugonera konko.

"Achimwene, ine ndatopa," anatero a Lucia. "Akapanda kumutenga, Loweruka akuwoloka. Musadzandivutitsenso."

Lachinayilo manachesi ndinawasiya, ndinapita nawo. Wosankhayo anali mphunzitsi wamkazi, a Maureen. Anagubuduzira Esime mpira wachikopa wopopa bwino n'kumuuza kuti adode. Mtima wanga unali m'malo, ndinkadziwa zimene mwanayu amachita.

Koma chikulunga ndi mpira wakufa, umafuna kuumenya ndi mphamvu kuti ukwere. Esime anamenya monga anazolowera, mpira uja n'kuuluka kupitirira mutu wake. Anayesanso, unathawira kumbali. Atayesanso unamumenya pamphuno, anthu n'kufa nacho chiseko. A Maureen anaitana mtsikana wina.

Apo m'pamene ndinaona bambo wa imvi akugwada m'fumbi pamaso pa mzimayi wa msinkhu wa mwana wake.

"Madamu, wolakwa ndine," anatero a Custodio. "Mwanayu sanagundepo mpira wopopa chibadwire. Chonde, musamutaye."

A Maureen anati, "Dzukani, bambo. Akauzolowere lero. Mawa m'mawa tisananyamuke ndidzamuonanso."

Tinabwerera kumalire pakabaza, a Custodio akukalipira woyendetsa kuti afulumire. Tsiku lalikulu lija linali litafika. Titafika pashedi, a Custodio anakwera patayala, n'kutsitsa mpira uja, n'kupukuta fumbi ndi malaya awo. Unali utaphwa. Anaikapo pompi, koma mpweya unkangotuluka kuti fyuuu. Anamasula ulusi kuti aone chubu cham'kati, n'kupeza kuti kutentha kwa malata kwa zaka zonsezo kunachiwotcha. Anamata apa, chinabooka apo. Anamatanso, thukuta lili kamukamu, chinang'ambika pena. Munthu amene amadzutsa matayala a mathiraki anakhala pansi chubu cha mpira chikunyenyeka m'zala zake.

Sanagonje msanga. Anathamangira kusukulu, anapeza atseka ndipo mphunzitsi wosunga mipira ali kumudzi. Anapita kwa anyamata a timu ya pamsika, anamva kuti mpira wawo apita nawo kwa Kanduku kumasewero. Anafunsa dalaivala aliyense pamzerepo, mpaka ena ankayesa kuti mutu wawasokonekera. Dzuwa linalowa Esime atakhala pamwala, chikulunga chake chili pamiyendo.

M'mawa mwake Esime anayesa ndithu. Anafewetsa phazi monga ankachitira ndi ndimu, mpira unamumvera pang'ono, kenako unathawanso. A Maureen anamusisita paphewa n'kunena kuti adzayesenso chaka chamawa. Ine ndinalira poyera, osachita manyazi, chifukwa ndimadziwa kuti mtsikana akapita kukalera mwana ku Tete, za chaka chamawa zimathera pomwepo.

Loweruka Esime anadutsa pashedi ndi kachikwama kumsana, mayi ake ali patsogolo. Chikopa cha mpira uja chinali pansi pambali pa pompi, chikadali choyera. A Custodio anaimirira. Mtsikanayo anagwada pang'ono mwaulemu, n'kuyang'ana chikopacho. Sanakwiye, anangofunsa motsitsa mawu.

"Akochi, kodi mpira uja munkasungira ndani?"

Kenako mayi ake anamuitana, iye n'kulowa pakati pa mathiraki kulunjika kugeti.