Mayi Kachala Akhala Mlendo

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri Mayi Kachala anagwira ntchito pahotela imodzimodzi, koma sanagonepo pabedi la hotelayo ngakhale kamodzi. Analowa ali mtsikana wochapa mabedishiti, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kukhala woyang'anira zipinda zonse makumi anayi. Dzina la Kachala anawapatsa ndi atsikana awo a pantchito. Mtsikana akanena kuti wamaliza kukonza chipinda, mayiwo ankalowa osalankhula, n'kuyendetsa chala pamwamba pa kabati, kenako n'kuchiimika pamaso pake ngati wapolisi woimitsa galimoto. Kukalipa sankakalipa. Chala chinkanena zonse.

Luso limeneli linawadyetsa, linaphunzitsanso mwana wawo mmodzi yekhayo mpaka anakhala katswiri wa zamagetsi. Kuipa kwake, luso silidziwa nthawi yoweruka. Mpongozi wawo atabereka mapasa, iwo anapita kukaona ana. Tsiku lachiwiri, pabalaza patadzaza alendo, chala chinapita chokha pamwamba pa kabati ya mbale, ndipo anachiimika. Mpongoziyo, amene anali asanagone tulo teniteni kwa milungu itatu, anangoyang'ana pansi. Iwo poganiza kuti akuthandiza, analowa kuchipinda kwa eni nyumba, n'kuyalula bedi, n'kuliyalanso mwa chihotela. Anabwerako kumapeto kwa sabata, ndipo kuchokera pamenepo sanaitanidwenso.

Palibe amene anakangana ndi mnzake. Mwana wawo ankaimba foni Lamulungu lililonse, koma nkhani ya ulendo ikangoyamba ankati, "Tidzakuuzani, Amayi, panopa nyumba yathina." Inathina zaka zinayi. Zidzukulu zawo, mnyamata ndi mtsikana, ankangoziona pafoni. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo ankadziwa kuti msamphawo anautchera okha.

Chaka chimene anapuma pantchito, anzawo awiri anabwera ndi maganizo. A Nesi, amene nawonso anali atapuma, anali ndi kagalimoto kofiira kolira ngati chigayo. A Telala analibe galimoto, koma anali ndi pakamwa posatopa, chinthu chofunika paulendo wautali. Atatuwa anadziwana ali atsikana, akuchita lendi mumpanda umodzi. Anapangana zoyenda masiku asanu, kukaona mathithi ndi phiri zimene ankangozimva kwa anthu, n'kumagona kwa abale ndi anansi a m'njira.

"Tsiku lachitatu tikagona kwa mwana wanu," anatero a Nesi. "Ndaimba ndekha. Avomera."

"Wavomera ndani? Mwana wanga kapena mkazi wake?"

"Onse awiri. Koma anzanga, chalacho muchisiye kunyumba."

Ananyamuka Lolemba m'mawa. A Telala anakhala kutsogolo n'kumaswa mtedza, makoko akugwera paliponse. Mayi Kachala kumbuyo ankatola limodzilimodzi n'kumaika m'kapepala, osadziwa n'komwe kuti akutola. Msewu unadutsa m'minda, unadutsa m'timisika momwe a Telala ankaweruza madiresi a anthu osawadziwa, mpaka dzuwa lili pamutu anamva mkokomo wa madzi.

Pamathithi anthu onse ankayang'ana kutsogolo. Mayi Kachala ankayang'ana pansi. Anali ataona kale kuti mpando wa matabwa sunapukutidwe, ndi kuti bini yadzaza mpaka kutayikira. A Nesi anawagwira mutu ndi manja awiri monga ankagwirira odwala okana mankhwala, n'kuwatembenuza.

"Tayendera zimenezo. Bini muli nayo kwanu."

Anayang'ana. Madzi ankatsika pathanthwe lalitali kuposa hotela yawo, oyera, osapuma, ndipo nkhungu yake inawanyowetsa kumaso. Anaima nthawi yaitali. Anadabwa kuti chinthu chachikulu chonchi chinalipo zaka zonse zimene iwo ankapinda ngodya za mabedishiti, ndipo anasangalala ngati mwana.

Tsiku limenelo anafikira kwa achimwene a a Nesi, mphunzitsi wopuma, amene pamodzi ndi akazi awo anawasiyira alendo chipinda chawo. Kutacha Mayi Kachala anadzuka anzawo akadali m'tulo. Anasesa khonde, anatsukanso makapu otsukatsuka, n'kuwandanda zigwiriro zonse zitaloza mbali imodzi. Potsanzikana, mayi wa panyumbapo anawagwira dzanja n'kunena motsitsa mawu, "Pepanitu, mwatipeza nyumba ili chonchi."

Galimoto itangotuluka pageti, a Nesi anati, "Mwamva? Munthu watiphikira, watisiyira bedi lake, iye wagona pamphasa. Mapeto ake akupepesa."

"Inetu ndimangothandiza."

"Kuthandiza kwanuko kumatukwana, anzanga."

A Telala anaseka mpaka kutsamwa mtedza. Mayi Kachala sanaseke. Anayang'ana pawindo, mtima uli ku nyumba ya mawa lake, n'kuyamba kuchita mantha kuti mwina munthu wa msinkhu wawo sawongoka.

Tsiku lachiwiri anakwera phiri, galimoto ikubuula pamakona onse. A Telala anapeza mankhwala a matenda a mnzawo: anawapatsa foni. "Inu lero ndinu wojambula. Manja onse awiri akhale pafonipo." Zinathandizako ndithu, ngakhale chithunzi chilichonse chinkachedwa chifukwa wojambula ankayamba wawongola makolala a ojambulidwa. Pamwamba pa phiri anaona chigwa chonse, nyumba zikuoneka ngati mabokosi a machesi, ndipo anakhala pamwala n'kudya buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Madzulo anafika kwa mayi wina amene anaphunzira kusoka kwa a Telala, wokhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu yake. Munali zidutswa za nsalu mpaka pansi pa pilo. Mayi Kachala anakhalira manja awo, kuwakhalira kwenikweni, mpaka anachita dzanzi. Anagona pamatiresi oyalidwa mokhota, ndipo kutacha anadzuka ali moyo.

"Mlendo ndi mame," anatero a Telala akukweza zikwama. "Mame sakolopa."

Anafika kwa mwana wa Mayi Kachala Lachitatu dzuwa litapendeka. Mwanayo anawachingamira pageti, n'kuwakumbatira mwamsanga ngati munthu amene wasiya china pamoto. Mpongozi anaima pakhomo atavala diresi losita bwino.

"Takulandirani, Amayi. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, amake mapasa. Kaya inu kuno?"

Analowa atapinda manja kumbuyo, atatsimikiza mtima kuti ngakhale apeze fumbi lofika m'maondo sanena kanthu. Koma fumbi munalibe. Simenti inkawala. Makatani anali ochapa, mapilo a pasofa ataimikidwa ndi ngodya, makapu m'kabati zigwiriro zonse mbali imodzi. Panalibe chidole, panalibe nsapato yotayika, panalibe chilichonse chosonyeza kuti m'nyumbamo mumakhala ana awiri a zaka zinayi. Anawo anali pasofa, atavala masokosi oyera, manja ali pamaondo.

"Muli bwanji, Agogo?" ananena pamodzi, mawu ochita kuloweza.

Mayi Kachala anafuna kuwanyamula onse awiri, koma anawo sanasunthe. Ankayang'ana amayi awo kuti aone ngati ayankha bwino. Agogowo anakhala pampando wapafupi n'kulandira tiyi. A Telala anayamba kufotokoza za mathithi, a Nesi akuwatsutsa pa kutalika kwake, ndipo bambo wa mapasawo ankaseka mopitirira muyezo.

Mphuno ya munthu wa hotela simva za eni ake. Pansi pa fungo la sopo panali lina: penti. Maso awo anatsatira fungolo mpaka pafelemu ya chitseko cholowera kukhitchini, imene inkawala kuposa khoma lonse. Penti anali wa chikoto chimodzi, wopakidwa mothamanga, ndipo pansi pake pankaoneka timizere tating'ono topingasa, tokwera m'mizere iwiri kuyambira cha m'bondo mpaka cha m'chiuno.

Anayesa kudziletsa, koma analephera. "Timizere timeneto n'ta chiyani?"

Mpongozi anatsegula pakamwa, koma kamtsikana kanamuyambirira.

"Ndi ife. Adadi amatiimika pamenepo n'kulemba. Ine ndimamuposa uyu. Koma Amami apenta dzulo, akuti Agogo sakonda litsiro."



"Zinangokhala zolembalemba, Amayi," anatero mpongozi, maso ali pathebulo. "Mapensulo, madeti, zala za ana. Ndinati musadzapeze zili choncho."

Apa m'pamene Mayi Kachala anaona manja ake. M'mphepete mwa zikhadabo munali penti woyera, ndipo khungu linali litasuwa ndi sopo. Moyo wawo wonse iwo ankadziwa chipinda chabwino kuti ndi chimene wolowamo sangadziwe kuti munagona munthu. Mwana wa eniyu anawakonzera chipinda chotero, nyumba yonse, mpaka kufufuta zaka zinayi za ana ake kuti apongozi asaimike chala. Zaka zimenezo iwo anali atazitaya kale kamodzi. Tsopano zinali zitatayika kachiwiri, ndipo wozitayitsa anali iwo omwewo. Anachita manyazi amene sanawachitepo pamaso pa bwana aliyense.

Anaika kapu pansi.

"Amake mapasa, ine ndinakulakwirani. Tsiku lija munali ndi ana awiri kubere, osagona, ine n'kumakufunsani za fumbi pamaso pa anthu. Ndakhala nazo zaka zonsezi, kungoti pakamwa panga ndi pouma. Mundikhululukire, mwana wanga."

Mpongozi anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Iwe," Mayi Kachala anatembenukira kwa mwana wawo, "tandipatsa pensulo."

Mayiwo anapita pachitseko paja n'kugwada, maondo akulira. Pensulo inakana kulemba chifukwa penti anali asanaumitsitse, inkangoterera. Anaitanitsa msomali, ndipo mwana wawo anakautenga m'bokosi lake la zipangizo. Mayiwo anafinya maso, n'kupeza kamzere kamodzi kooneka bwino, n'kuyamba kukanda penti watsopanoyo mosamala, monga ankachotsera dontho la kandulo pathebulo la alendo. Pansi panayamba kugwa tinyenyeswa toyera, pasimenti yowala ija, ndipo iwo sanatiyang'ane n'komwe. Mapasa anatsika pasofa n'kubwera kudzaonerera, kamnyamata kakupumira m'khosi mwa agogo ake.

"Aka n'ka ndani?" anafunsa agogowo.

"Kanga," anatero ana onse awiri.

Kumbuyo kwawo kunamveka mpando ukusuntha. Mpongozi anabwera, n'kuima kanthawi, kenako anakokera diresi lake losita lija m'maondo n'kugwada pambali pawo.

"Mwayambira pakati, Amayi. Kameneko n'ka chaka chatha." Anawagwira dzanja la msomali n'kulitsitsira pansi penipeni, pomwe panali kamzere kosaoneka bwino. "Yambani apa. Aka n'ka mtsikana, tsiku limene anaima yekha. Mnyamata anachedwa ndi milungu itatu, ankangokhala pansi n'kumamuyang'ana mnzake."

"Ndiye anadzaima bwanji?"

"Dikirani, Amayi, tifika. Kandani kaye aka."