Kabedi Kosungira Zovala

Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi amene analemba chiphaso chake cha ntchito basi. Ena onse pamalo ochapira zovala paja ankangomuti Nasimbi, chifukwa kwa zaka zisanu ndi ziwiri ndiye ankaima pa tebulo lachitatu, pafupi ndi zenera losatseguka, simbi ili m'manja. Anzake ankaitanidwa ndi mayina a ana awo, amake a uje, amake a uje. Iye analibe uje woti amuitanire, ndiye anangomupatsa simbiyo.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Koma chimene ankatchuka nacho kwenikweni chinali magazi. Shiti ya kuhotela ikabwera ndi banga, onse ankakuwa dzina lake.

"Madzi ozizira, kamchere pang'ono," ankatero. "Ndipo osasita lisanachoke. Ukangoikapo simbi yotentha, wamanga nalo banja."

Zomvetsa chisoni n'zoti katswiri wa magazi a eni akeyu, ake omwe sankawamvetsa. Kuyambira ali mtsikana, msambo wake sunkadziwa kalendala. Mwezi uno ubwera kawiri, kenako usowa miyezi itatu, kenako utulukira osagogoda n'kukhala masabata awiri. Mapadi sankachoka m'chikwama mwake, ndipo juzi yomanga m'chiuno ankayenda nayo ngakhale kunja kukuwotcha. Yunifolomu ya pantchitopo inali yoyera. Amene anasankha mtundu umenewo sanasambepo m'moyo wake, ndipo ndikanakonda nditakumana naye.

Mwamuna wake anali kalipentala, munthu wofatsa, wosadziwa kubisa chimwemwe. Chaka chachiwiri ali m'banja, Nasimbi atadumpha miyezi itatu, anamunong'oneza kuti mwina zatheka. Patatha masiku anayi bamboyo anabwera atasenza kabedi ka mwana, kosalala, kopaka vanishi. Sabata yotsatira msambo unabwera. Chaka chachinayi zinachitikanso, ndipo ulendo umenewo nkhani inafika kwa apongozi, amene anabwera ndi kachipewa koluka. Kuchokera pamenepo Nasimbi analumbira kuti sadzatsegulanso pakamwa asanatsimikize. Kabedi kaja kanakhala pakati pa bedi ndi khoma, kakusunga zovala zositasita, ndipo m'mawa uliwonse ankagunda nako bondo.

Tsopano miyezi iwiri inali itadutsa ali gwa. Mabere ankamupweteka, fungo la sopo limene anakhala nalo zaka zonsezi linayamba kumuchititsa nseru. Kenako kunabwera timadontho todera, masiku asanu, osachuluka, osasiya. Kodi ndi msambo ukubwera mwaulesi monga mwa khalidwe lake? Kodi ndi mimba? Anagula kachipangizo koyezera mimba ku sitolo ya mankhwala yakutali ndi kwawo. Kunyumba sakanayeza, chipinda chinali chimodzi ndipo kalipentala anali ndi maso. Anasankha kuntchito.

Kuntchitoko kiyi wa kuchimbudzi ankakhala pa tebulo la akapitawo, mayi wa mawu osasa ngati belu losweka, ndipo anali womangirira ku hang'ala ya zovala kuti wina asamuike m'thumba. Ukafuna kupita, unkadutsa holo yonse utanyamula hang'alayo, aliyense akudziwa kumene ukulowera. Nasimbi anali atangodonthezera mkodzo pa kachipangizoko pamene chitseko chinagogodedwa.

"Nasimbi! Mwagona mmenemo? Makatani akukudikirani!"

Anakakulunga m'tishu, n'kukaponya m'thumba la yunifolomu. Anakatulutsa nthawi ya nkhomaliro, patapita maola anayi, atabisala kuseri kwa makina owumitsira. Mzere umodzi unali wooneka bwino. Pambali pake panali kena kake kotuwa, koti ukapendeketsa kakuoneka, ukawongola kasowa.

"Iwiri imeneyo!"

Anali mnzake wa tebulo lachiwiri, amene onse ankamuti Wailesi, ndipo dzinalo silinali lomunamizira.

"Chonde achemwali, tsitsani mawu. Kapepala kake kakuti pakadutsa mphindi khumi osakhulupiriranso."

"Aa, mapepala! Amenewo anaberekapo?"

"Koma ndikutaya timagazi."

"Ine wanga wachiwiri ndinataya mpaka miyezi itatu. Si uyo akuswa mawindo kusukulu?" Wailesi anaima kaye, nkhope n'kusintha. "Koma mng'ono wanga zinayambanso choncho, kenako anapita padera. Iii, pitani kuchipatala, mayi."

Kunena n'kosavuta. Chipatala chinkatsegula nthawi imene Nasimbi ankayatsa simbi, n'kutseka nthawi imene ankaizimitsa. Kupempha tsiku kunkafuna chifukwa, ndipo chifukwa chikalowa m'khutu la akapitawo chinkatulukira m'holo yonse. Anagwira njakata. Anapitiriza kusita, ndipo pakatha ola lililonse ankanyamula hang'ala ija kukaona ngati zinthu zasintha, mpaka akapitawo anamufunsa ngati watsegula m'mimba.

Lachinayi m'mawa m'chiuno munamugwira ngati wina akufinya chovala. Wailesi ndiye anaona banga kumbuyo kwa yunifolomu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sananene kanthu, anangomumanga juzi. M'chimbudzi muja Nasimbi anachapa yunifolomuyo ndi madzi ozizira, manja akugwira okha ntchito imene ankaidziwa, iye akulira. Banga linachoka lonse. Akapitawo atamuona nkhope anangoti, "Pitani."

Kuchipatala namwino anali mayi wachikulire, wotopa koma waulemu.

"Munasamba liti komaliza?"

Funso limeneli linali litamuzunza Nasimbi zaka makumi awiri. "Kusamba kwake kuti, amayi? Kwenikweni kapena kongoyerekeza?"

Anamuyeza mkodzo. Mizere iwiri, yonse yooneka, yosafuna kupendeketsa. Mtima wake unadumpha ngati wa mwana. Kenako anamugoneka, n'kumupaka mafuta ozizira pamimba, n'kumuunika. Namwinoyo anayang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Mayi, ndikuuzani zoona. Mkodzo ukuti mimba ilipo, koma m'chiberekero sindikuonamo kanthu. Mwina idakali yaing'ono kwambiri moti siingaoneke, poti masiku anu sitikuwadziwa. Mwina inalipo ndipo yachoka ndi magazi a lerowa, pakuti mkodzo umachedwa kumva uthenga. Mwinanso yakhala malo olakwika, m'njira ya dzira. Mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi, kapena chizungulire, muthamange, musadikire. Kupanda apo mubwere Lachinayi likudzali tidzaonenso."

"Ndiye kunyumba ndikanene kuti chiyani?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Mwambi ndi wabwino kwa amene akuunena. Nasimbi anatuluka ndi mayankho atatu, pamene analowa akufuna limodzi.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kupeza chitseko chili chotsegula. Zovala zonse zositasita zinali pabedi. Kabedi kaja kanali pakati pa chipinda, kopanda kanthu, mwamuna wake akukapukuta fumbi ndi nsanza.

"Mwaweruka msanga," anatero, osamuyang'ana. "Mlongo wanga woyembekezera uja akuti masiku ake akwana. Ndimati kabedika tingowapatsa. Kakungokupwetekani bondo." Anapitiriza kupukuta. "Ndaganiza nthawi yaitali, mayi. Sindikufuna muzidzuka n'kumakaona tsiku lililonse. Ine zinandikwana kale mmene tililimu."

Zaka zisanu Nasimbi ankalakalaka atamva mawu amenewa. Anabwera lero, tsiku lokhalo limene sakanatha kuwalandira. Akavomera, ndiye kuti wapereka bedi la mwana amene mwina ali m'mimbamo. Akakana, ndiye kuti wanena. Anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, m'chiuno mukukoka.

"Dikirani sabata imodzi," anatero.

Nsanza ija inaima. Maso a kalipentala ananyamuka pang'onopang'ono, n'kutera pamimba pake.

"Ndilibe poika zovalazi," anawonjezera msanga. "Basi. Ndi zovala chabe."

"Chabwino," anatero bamboyo. "Zovala."

Anabweza kabedi pamalo pake, mosamala kuposa mmene anakachotsera. Nasimbi anatenga padi m'chikwama n'kupita kuchimbudzi cha panja. Magazi anali asanasiye, sanachuluke, sanachepe. Ali chikhalire mmenemo anamva kulira kwa bokosi la zipangizo likutsegulidwa, kenako kugogoda kwa hamala yaing'ono. Kamwendo kamodzi ka kabedi kaja kanali kakugwedera kwa zaka zitatu, ndipo palibe amene ankakalabadira. Tsopano mwamuna wake ankakakhoma, akuimba mluzu.