Sipika ya Pakhonde pa Harrison

"Lankhulani momasuka, mayi, muno tilimo awiriwiri," anatero Harrison akusendeza laputopu pafupi.

Laputopuyo ndi chinthu chokhacho chimene Harrison anabwera nacho kuchokera ku Joni. Pa Nambuma ankadziwika ndi ntchito yoika nyimbo m'mafoni, ndipo ankanyadira kuti anaichuna kuti izilira pawiri nthawi imodzi: patebulo m'kashopu, komanso pa sipika yaikulu ya pakhonde yokopera makasitomala. Matenanti a m'maesiteti a fodya nawonso ankabwera kuti awatumizire mawu kwawo.

Tsikulo kunabwera Marita, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe. Anawerama n'kunong'ona uthenga wopita kwa mlongo wake: "Achimwene, akapitawo akumandigogodera bambo a Chisomo akapita kuchigafa cha fodya. Ife Loweruka tithawa. Mudzatichingamire kudepoti."

"Timvere kaye ngati zajambulika," anatero Harrison, n'kudina.

Patebulo mawuwo anatuluka pansipansi, koma pakhonde anagunda ngati ulaliki wa pamsika. Pomwe Harrison amazula chingwe, uthenga wonse unali utatha. Panjapo panali abambo amene ankasewera bawo. Mmodzi wa iwo, wovala jekete lachikopa, anaika nkhomo zake pansi mwachifatse n'kusuzumira pakhomo. Anali akapitawo aja.

"Mayi a Chisomo, Loweruka eti? Chabwino," anatero akumwetulira. Anakwera njinga yamoto kulowera kuesiteti.

Harrison anayamba kupepesa, koma Marita sanamucheukire n'komwe. Harrison anamuona akulowa m'golosale ya tsidya la msewu, momwe anagula kaloko kakang'ono kokhomera chitseko cha nyumba yake. Anakamanga pansonga ya chitenje, n'kuuyamba ulendo wa kunyumba wapansi.