Mfumu Imene Mwana Wake Anaitsekera Madzi

Kwathu ku Ntcheu ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Kuno ku Ulaya, m'tauni ya West Bromwich, ndinasanduka wosambitsa okalamba m'makomo mwawo, khomo lililonse mphindi makumi atatu basi.

Chaka changa choyamba kampani imene inandilemba ntchito inandipatsa bambo ena achisilamu, obadwira ku India, amene anathera unyamata wawo kusungunula zitsulo m'fakitale. Sitiroko inawapha mbali ya kumanzere, koma mutu unali bwinobwino. Ankakhala m'chipinda chapamwamba m'nyumba yawoyawo, pansi pali mwana wawo wamwamuna ndi banja lake. Masitepe sankatha kutsika.

Masabata oyamba sankandilankhula. Ndikamawapukuta ankalozetsa nkhope kukhoma, ndipo ndinkawamvetsa: munthu wopemphera kasanu patsiku, lero akuvulidwa ndi mkazi wachilendo. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta m'miyendo, anandifunsa ntchito imene ndinkagwira kwathu. Nditawauza, anafuna kudziwa ngati ana asukulu ndinkawaphunzitsa za mafumu achisilamu a kwawo. Ndinayankha kuti ayi, ife tinkaloweza mafumu a ku Ulaya ndi nkhondo zawo. Anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo tsiku lililonse ankandibenthulirako pang'ono za mfumu imodzi. Inali ija inamangira mkazi wake manda a miyala yoyera m'mbali mwa mtsinje, kumene alendo amakajambulitsa zithunzi. Mkaziyo anafa pobereka mwana wakhumi ndi chinayi. Mfumuyo inalamulira zaka pafupifupi makumi atatu, itakhala pampando wagolide. Bambowa sankaitama ayi. Ankati anthu amakomedwa ndi nkhani ya chikondi, koma palibe amafunsa kuti osema miyala aja ankadya chiyani.

Kenako tinafika pamene mfumu inadwala, ana ake aamuna anayi n'kuyamba kumenyanirana ufumu bambo wawo akadali kupuma. Wachitatu anapambana. Anazinga linga limene munali bambo ake, natseka njira ya madzi ochokera kumtsinje, nthawi yotentha. Patangopita masiku ochepa nkhalamba inagonja chifukwa cha ludzu, ndipo inatsekeredwa m'lingamo zaka zisanu ndi zitatu.

"Sanamuphe, aphunzitsi," anatero bambowa. "Kumupha bwenzi anthu atanena. Anangomusunga."

Lachinayi lina m'mawa ndinawapeza milomo itauma gwa, mawu osatuluka. Kapu ya madzi inali yodzaza, koma wina anaiika patebulo la kumanzere, kumbali yakufa, kuyambira dzulo lake. Pansi wailesi yakanema inkalira, anthu akumwa tiyi. Ndinawamwetsa ndi supuni mpaka nthawi yanga inapitirira. Zimene ndinaonazo ndinazilemba mu lipoti monga anatiphunzitsira. Iwo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti sabata yamawa andifotokozera za mwana wamkazi wa mfumu, amene anasankha kukhala ndi bambo ake m'ndendemo.

Lolemba manejala anandiitana ku ofesi. Mwana wa bambo aja anali atayimba foni kudandaula kuti ndimachedwa pakhomo pawo ndi macheza, ndimasokoneza mutu wa wodwala, ndiponso ndimalowerera za chipembedzo chawo. Ndinafunsa za lipoti langa. Manejala anati aliona, koma banja ndi limene limasankha kampani. Kenako anandikumbutsa, mofatsa kwambiri, kuti viza yanga yondilola kugwira ntchito kuno ili m'manja mwa ndani.

Anandipatsa pepala lopepesa atalilemba kale. Ndinasaina. Ndinali ndi ana awiri kumudzi, ndipo ndimadziuza zimenezo mpaka lero, koma dzanja linali langa. Anandichotsa pakhomopo tsiku lomwelo, osatsanzika n'komwe.

Patapita miyezi inayi ndinakumana mu thiramu, sitima yoyenda m'tauni, ndi mtsikana wa ku Zambia amene analowa m'malo mwanga. Anandiuza kuti bambo aja anamwalira ndipo anaikidwa tsiku lomwelo. Anawayamikira kuti anali munthu wosavuta, wosalankhula, woti mphindi makumi awiri wamaliza. Sindinamufunse za kapu.

Zotsala za mfumu ija ndinadziwerengera ndekha. Mwana wamkazi anaisamaladi mpaka inafa. Uja anatseka madzi analamulira zaka pafupifupi makumi asanu, nafa ndi ukalamba.

Mwezi watha ndinaona mwana wa bambo aja pakhomo la sitolo ya ndiwo zamasamba. Wanenepa, ndevu zayamba imvi. Sanandizindikire. Ataona kuti ndanyamula majumbo manja onse awiri, anandigwirira chitseko mwaulemu, akumwetulira. Ndinali ndi mawu amene ndinawasunga zaka zitatu. Ndinangoti zikomo, n'kudutsa.