Sitolo Yatsopano Inatimana Mlatho Womaliza

Ndikukumbukira chulu chimene chinali kuseri kwa nyumba za aphunzitsi kumene ndinakulira, kadera kena kunja kwa Nsaru. Anzanga amachikumbukira chifukwa cha inswa. Ine ndimachikumbukira chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira bwino, moti ndinathera pamenepo masiku ambiri ndili Folomu 1, laputopu ili pamiyendo, foni ya amayi nditaikoleka pa kamtengo. Mpaka lero ndikaganiza za mwezi wa Julaye wa chaka chimenecho, mtima umandipsa, ndipo ena mwa anthu amene ndimawakwiyira sindikuwadziwa n'komwe nkhope.

Amayi anali mphunzitsi wa pulayimale. Laputopuyo anawabweretsera ndi msuweni wanga Lackson, mwana wa azakhali, amene ankakonza makompyuta m'tauni ku Lilongwe. Inali yoti amayi azilembera mayeso. Inali nkhalamba, batani limodzi linali litachoka, ndipo ikatentha inkalira ngati chigayo. Koma Lackson anaikamo gemu imene anaigula m'sitolo ya pa intaneti, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayeso a amayi ankachita kupempha mpata.

Gemuyo inali ya lole yonyamula katundu m'misewu yoipa ya m'mapiri, ndipo sinkatheka munthu mmodzi. Wina ankayendetsa, wina n'kumagwira chingwe chokokera ndi kuyala matabwa pamene pali matope. Inali ndi zigawo khumi ndi ziwiri. Vuto lake linali limodzi: isanayambe inkafuna kaye kulonjerana ndi eni ake pa intaneti, n'chifukwa chake tinkakwera chulu.

Dalaivala wanga anali Esinati. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ya fodya kutsidya kwa dambo, ndipo anabwera kuchokera ku Phalombe mvula itangoyamba. Tinadziwana pa mjigo. Manja ake ankakhala akuda ndi phula la fodya, moti asanagwire laputopu ankayamba wawakwecha ndi mchenga mpaka afiire. Ankanditchula kuti "a Madamu aang'ono" pondiseka kuti ndine mwana wa mphunzitsi. Mtsikana ameneyu anali asanakhalepo kutsogolo kwa galimoto chibadwire, koma akagwira mabatani aja ankakhota pamphepete pa phompho lilime lili panja, thupi lonse likupendekera kumene lole ikupita. Anyamata ankabwera kudzatiseka kuti magemu si a atsikana. Tinawapatsa kuti ayese, anagwetsera lole mumtsinje katatu, sanabwerenso.

Esinati ankapezeka Loweruka masana ngati bambo ake amumasula kuchigafa, ndi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Tonse tinkadziwa, ngakhale sitinkakamba, kuti fodya akagulitsidwa matenanti amapita, ndipo ambiri sabwereranso pa esiteti yomweyo. Choncho chigawo chilichonse tinkachimenyera nkhondo. Pofika mu Juni tinali pa chigawo cha khumi ndi chimodzi. Chomaliza tinkangochiona pa chithunzi: mlatho wautali wa matabwa, pansi pake pali madzi oyera thovu. Esinati ankati akawolotsa lole pamenepo, akauza ang'ono ake ku Phalombe kuti iye ndi dalaivala wa layisensi.

Ndiye Lackson anabwera kudzaona amayi, atavala jekete lake lachikopa lija ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anatipeza pachulu tikudikira kuti pulogalamu ya sitolo imalize kudzikonza, popeza inali ndi khalidwe lomadya bandulo tisanasewere n'komwe. Anapukusa mutu ngati dokotala. Anati kwabwera sitolo ina yatsopano, yopepuka, yosadya bandulo, ndipo sabata imeneyo gemu yathu yomweyi ikuperekedwa ulere kumeneko. Anati zigawo zathu sizitayika chifukwa zimasungidwa kwa eni gemu, osati kusitolo. Esinati anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga ikuyenda bwinobwinoyi, mukuisamutsiranji?" Ine ndinamuyankha mwamatama kuti za makompyuta sazidziwa. Mawu amenewo ndimawamvabe m'makutu.

Lackson anapita nayo laputopu m'tauni kumene kunali intaneti yamphamvu. Popeza malo anali ochepa, anafufuta gemu ya m'sitolo yakale n'kuikamo ya m'sitolo yatsopano. Patatha sabata anaitumiza kudzera kwa kondakitala wa minibasi, itakulungidwa m'chitenje. Loweruka limenelo zonse zinayenda. Tinamaliza chigawo cha khumi ndi chimodzi dzuwa litapendeka, tikukuwa mpaka mbuzi zinathawa. Batire linatha tisanayambe mlatho, tinagwirizana kuti tiwoloka sabata yamawa.

Sabata yamawayo tinakwera chulu, ndinatsegula, ndipo m'malo mwa lole panabwera uthenga. Gemu inati eni ake atulutsa apudeti, yathuyi yakalamba, tipite kusitolo tikatenge yatsopano. Ndinapita kusitolo. Sitolo inati gemu imene tili nayo ndi yatsopano kale, palibe choti titenge. Ndinabwerera ku gemu, inanditumizanso kusitolo. Ndinazimitsa, kuyatsa, kupukuta sikirini ndi diresi, kukweza foni m'mwamba. Zomwezo. Zinali ngati maofesi awiri amene aliyense akukuuza kuti pita kwa mnzangayo, pamene iwe wayenda wapansi kuchokera kumudzi.

Ndinamuimbira Lackson. Anayankha akutafuna chinachake. Anati zimachitika, eni gemu amayamba kutumiza apudeti kusitolo kumene kuli makasitomala ambiri, ndipo sitolo yatsopanoyo imafunanso kuiunika kaye isanaitulutse. Anati amene ali kusitolo yakale alandira kale ndipo akusewera.

"Ndiye mwatichotsa kumene anthu akusewera n'kutipititsa kumene anthu akudikira?" ndinafunsa.

"Usuweni wakewo ndi umenewo? Dikira masiku awiri atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo ndinu, ndi jekete lanu lonunkhalo!"

Anaseka kwambiri poganiza kuti ndi zachisuweni, paja msuweni umamunena mmene ungathere popanda mlandu. Koma ine sindinkacheza.

Masiku awiri atatu aja anakhala masabata. Tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkakwera chulu ndisanavule n'komwe yunifolomu. Mphepo ya mu Julaye inkalowa m'mafupa, fumbi likudzaza pakati pa mabatani, milomo itasweka. Ndinapeza tsamba limene anthu ankalembapo madandaulo, ndipo ndinkaliwerenga ndi dikishonale ya amayi pambali. Anthu a m'sitolo yakale ankatumiza zithunzi akusangalala. Ife a m'sitolo yatsopano tinkangouzidwa kuti ifika posachedwa, tikuthokozedwa chifukwa cha kudekha kwathu. Kudekha kwake kuti? Ndani anawauza kuti ndadekha? Munthu wina kutali uko anakhala pampando wofewa, n'kuona kuti ife tikhoza kudikira, osadziwa kuti kutsidya kwa dambo mabelo omaliza akwera kale lole kupita ku okushoni.

Ndinayesa kubwerera kusitolo yakale. Kuti gemu yonse itsikenso pa netiweki ya pachulu, kompyuta inawerengera masiku ochuluka kuposa amene Esinati anatsala nawo, ndipo bandulo yake ikanafuna kuti amayi agulitse mbuzi. Lackson anali atapita kumpoto kukagwira ntchito, foni yake inkangoitana. Amayi atamva nkhani yonse sanandimvere chisoni. Anati, "Mapanga awiri avumbwitsa, mwananga. Ndipo foni yangayo ibwere, si ya boma." Ndinalowa kuchipinda n'kumenyetsa chitseko, ndipo chifukwa cha chimenecho ndinakolopa nyumba yonse sabata yathunthu.

Lamlungu lomaliza Esinati anabwera atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Anandiuza kuti bwana wa esiteti wawakonzera lole yowabweza kwawo Lachitatu. Manja anali atawakwecha kale. Tinakwera chulu, ndinatsegula laputopu ndikupemphera pemphero limene sindinapempherepo ngakhale pa mayeso. Uthenga unali womwewo. Kuseri kwa uthengawo chithunzi cha mlatho chinkaoneka mbuu, lole yathu itaima kumayambiriro kwake.

Ndinalira, koma osati kulira kwachisoni. Ndinatukwana sitolo, eni gemu, Lackson, netiweki, ngakhale chulu chimene ndinakhalapo. Esinati anandisiya ndimalize. Kenako anakokera laputopu kwa iye, anaika zala zake pamabatani ake aja, n'kuyamba kuliza injini ndi pakamwa. Anapendekera kumanzere, lilime panja, maso ali pa chithunzi chosayenda chija.

"Gwirani chingwe, a Madamu aang'ono," anatero. "Thabwa lachitatulo lawola. Fulumirani, tigwa!"

Ndinamuyang'ana, ndipo ukali wonse umene ndinasowa pokautula ndinautula pa iye. Ndinati, "Zachibwana zimenezo. Sukuona kuti sikuyenda?" Ndinatseka laputopu mwamphamvu, pang'ono kumupana zala.

Anayang'ana kudambo, kenako anaimirira, anasasa fumbi pachitenje, n'kunena kuti amayi ake akumudikira kuti amange katundu. Ndinamusiya atsike chulu yekha. Sindinamuperekeze ngakhale kufika pa mjigo, chinthu chimene kwathu sitichitira ngakhale mlendo wodzapempha moto. Ndinkati ndikamuona Lachiwiri mtima ukatsika, koma Lachiwiri ndinachita manyazi. Lachitatu ndili m'kalasi ndinamva lole ikudutsa pamsewu wa fumbi, ndipo pawindo ndinangoona mitolo, ndowa ndi mitu ya anthu.

Apudeti inafika Lolemba lotsatira. Inatsika bwinobwino, mosavuta, ngati palibe chimene chalakwika. Ndinawerenga zimene zinali m'katimo. Anaonjezera zipewa zatsopano za madalaivala, anakonza kamvekedwe ka mvula ikamagwa pagalasi, ndipo anapepesa chifukwa cha kuchedwa pang'ono. Zipewa! Anatitsekera khomo masabata atatu chifukwa cha zipewa. Ndinayesa kusewera ndekha, dzanja lina likuyendetsa, lina likugwira chingwe. Lole inagwa pathabwa loyamba. Ndinaitseka, ndipo gemu imeneyo sindinaitsegulenso.

Lero ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo intaneti ili m'nyumba momwe. Apudeti imatsika ndikupanga tiyi. Kwathu kuja anamangako nsanja ya netiweki, ana amaonera mavidiyo ali pakhonde, ndipo ana a achemwali anga akadikira mphindi zisanu amadandaula ngati kwagwa maliro. Masitolo a magemu achuluka, koma khalidwe lija sanasiye: ena amalandira lero, ena mawa, ena akauzidwa. Ndikaona mawu oti posachedwa pa sikirini, mpaka pano ndimafuna kuponya chinthu.

Ndinayesa kumufufuza Esinati foni zitafala, koma ndinazindikira kuti dzina la bambo ake sindinalifunsepo. Pa esiteti ankangowatchula kuti a ku Phalombe, ndipo ifenso tinkatero. Lackson ndinamukhululukira kalekale, sitolo ija sindinaikhululukire ndipo sindidzagulako kanthu. Koma zaka zikamapita, mkwiyo waukulu ukutsalira kwa mtsikana amene anatseka laputopu uja. Esinati anali wokonzeka kuwoloka mlathowo tsiku lomwelo, popanda apudeti. Amene anakana kugwira chingwe ndi ine.